Chiwindi Chimodzi, Akuluakulu Awiri

Lolemba

Mamawa. Nyengo yosaka agwape yatsegulidwa lero, ndipo ine ndatenga tchuthi cha sabata yathunthu. Katundu ali pakhomo:

- jekete ya olenji, yowala moti oyendetsa ndege zotera pabwalo apa akhoza kundiona
- chipewa, cha olenjinso
- masokosi ovala atatuatatu
- laisensi, ndi kachikalata kololeza gwape MMODZI, wamphongo, wa nyanga
- mpeni umene chiugulireni wangodula katoni imene unabweramo
- mfuti, m'bokosi lake lokhoma

Za mfutiyi. Kutalika ndi yaitali ngati zinzake, koma imadya zipolopolo za pisitolo, tating'ono tonenepa. Ndinaisankha nditayesa mfuti yaikulu ya ba Tembo, imene inandimenya paphewa mpaka sabata yonse mkazi wanga Tadala ankachita kundiveka malaya. Yangayi simenya. Vuto lake siponya patali. Gwape ayenera kubwera pafupi ngati akudzapereka moni.

Ba Tembo ndi mnzanga wa ku Chipata, amagwira ntchito ya makompyuta ku North York kuno ku Canada, ndipo amasaka chaka chilichonse. Ataiona anaseka mpaka kukhala pansi. "Iyi ni mfuti ya ma cowboy, mudala. Ukaona nyama uzaipempha isendele?"

Koma vuto lenileni si mfuti. Ndi pakamwa panga.

Chinenereni pagulu la tchalitchi la pafoni kuti ndikupita kosaka, anthu akhala akupempha, ndipo kwathu wopempha nyama samanidwa. Miyendo ndalonjeza isanu ndi umodzi. Zimenezo sizikundisowetsa tulo, nyama ikadulidwa ndani angadziwe kuti ndi mwendo uti? Nkhani ndi chiwindi.

Woyamba: apongozi anga, mayi ake a Tadala, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzatithandiza kulera Mphatso. Sandilankhula maso ndi maso, monga mwa mwambo. M'nyumba ya zipinda ziwiri pansanjika ya khumi ndi chinayi mulibe kothawirana, ndiye timadutsira mwa mwana wa miyezi isanu. "Mphatso, uwafunse bambo ako ngati agwape a kuno ali ndi chiwindi." Ine, ndi mtima wonse: "Mphatso, uwauze agogo kuti chonse ndi chawo."

Wachiwiri: a Mbewe a ku Hamilton, ankhoswe a ukwati wathu, amene anandisunga miyezi itatu nditangofika m'dziko lino. Anandigwira mkono potuluka m'tchalitchi. "Alenje, chiwindi ndi cha akulu, mukudziwa." Ine: "Ndi chanu, bambo. Chonse."

Chonse! Kawiri!

Ndikawakhumudwitsa apongozi, nyumba itentha, ndipo nyumba ikatentha timapita kwa ankhoswe. Ankhoswewo ndi amene akudikira chiwindi chomwecho.

Pulani: ndipha gwape, ndigula chiwindi cha nkhosa pasitolo ina kuno ku Etobicoke, aliyense alandira chake. Mulungu andikhululukire.

Masana. Ba Tembo aimba. Kumunda kumene timafuna kukasaka, kufupi ndi Hamilton, salola mfuti zamtundu wathu, amalola shotigani ndi gogodela basi. Gogodela, ku Canada! Tiyenera kupita kumpoto, ulendo wa maola atatu, kunkhalango ya mnzawo wa kuntchito, ndipo mwiniwakeyo akuti tifike Lachitatu. Ndati "zachisoni bwanji." Ndavula jekete mtima uli myaa.

Lachiwiri

M'mawa kumalo oyesera mfuti. Mapazi makumi asanu: pepala labooka pakatikati, ndadzitama. Mapazi zana ndi kupitirira: chipolopolo chikutopa panjira, chikukagwera kunsi kwa pepala. Mzungu wa pambali panga akuti ndi mfuti yabwino kwambiri bola munthu udziwe malire ake. Ine malire ndikanawadziwa sindikanakhala pano.

Pobwerera ndadutsa pasitolo ya nyama kukaona ziwindi. Cha nkhosa chilipo, chokongola, chakudera. Wogulitsa akuti Loweruka chidzakhalapo chatsopano. Ndabwera kunyumba ndikuimba mluzu.

Mluzuwo wathera pakhomo.

Apongozi akumusambitsa mwana. "Mphatso, agogo ako aamuna anali mlenje weniweni. Chiwindi cha gwape ine ndimachidziwa ngakhale mutandimanga nsalu kumaso. Fungo lake lokha." Sindikudziwa ngati akungocheza kapena aona kanthu pankhope panga.

Chabwino, cha nkhosa chipita kwa a Mbewe. Ndiye ndakumbukira, thukuta n'kutuluka: a Mbewe kumudzi anali alangizi a ziweto, ntchito yawo kuyeza nyama kophera ng'ombe ku Dedza. Munthu amene wakhala zaka zambiri akutembenuza ziwindi ndi kampeni! Akhoza kunena dzina la nkhosayo ndi udzu umene inkadya.

Pulani yafa isanakwanitse masiku awiri.

Ndamuululira Tadala m'khitchini, mwakachetechete. "Mwawapromisa onse awiri? Aaa, inu. Ine musandilowetsemo, please." Ndafunsa ngati sitingachidule pakati. Akuti kupatsa munthu wamkulu chiwindi chodula ndi kumuuza kuti wina wayamba kale kudyako, ndipo mayi ake adzafunsa kuti winayo ndani. Wawonjezera kuti mapanga awiri avumbwitsa, ngati kuti ine sindikudziwa kuti ndavumbwa.

Zotsala:

- kupha agwape awiri (kachikalata ndi ka mmodzi, ndende)
- kunena zoona (ayi)
- kupempha chiwindi cha gwape wa ba Tembo, ngati tonse tipha

Yachitatuyi ndiye. Ba Tembo ndi munthu wabwino.

Lachitatu

Tikunyamuka kusanache bwino. Pamwamba pa chikwama changa ndapeza kabakuli kapulasitiki, kotsukidwa, kokhala ndi chivundikiro. Apongozi akonzeratu poika chiwindi chawo. Palibe chifukwa chonenera.

Tisanatuluke mumzinda, a Mbewe atumiza uthenga wa mawu: "Alenje, muyende bwino. Anyezi tagula kale kuno."

Pamsewu ndayamba nkhani mozungulira, za nyengo, za matayala, mpaka ndafika pa chiwindi. Ba Tembo sanadikire n'komwe kuti ndimalize. "Awe. Vonse ningakupase, mwendo, nthiti, olo mutu. Koma chiwindi changa sichichoka musanga. Nimadya pamene apo, na onion. Ni lamulo yanga." Akuti anaphunzira kwa azungu amene anayamba kusaka nawo, ndipo chaka chimene anachitengera kunyumba, chaka chotsatira sanaone ngakhale mchira.

Pulani yachitatu yafera pamsewu waukulu, galimoto ikuthamanga.

Masana tafika. Kanyumba kamatabwa, mbaula ya nkhuni, mitengo yopanda masamba mbali zonse. Kuzizira kwake kolowa m'mano. Tamanga kakhumbi ka nthambi m'mphepete mwa dambo, pamene agwape amadutsa. Tizikhala limodzi popeza ine ndine mlendo pantchitoyi, ndipo woyamba kuombera ndine.

Ba Tembo andiuza kuti ndiyende mapazi makumi asanu ndi awiri kuchokera pakakhumbi, ndimange kansalu ka olenji pamtengo. Amenewo ndiwo malire a mfuti yanga. Gwape akakhala kuno kwa kansalu, ndi wanga. Akakhala kuseri, ndisayerekeze, ndingangomuvulaza n'kukafera kutali, ndipo amenewo ndi a mfuti yawo yaikulu.

Ndilembe pano poti palibe adzawerenge: sindinaphepo kanthu. Ngakhale nkhuku kwathu ankazinga ndi mlongo wanga, ine ndikunamizira kokatunga madzi. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, kuwadyetsa phala ndi kuwapukuta pakamwa. Ulenjewu ndinauyamba chifukwa tsiku lina apongozi anauza Mphatso kuti nyama ya m'masitolo a kuno imakoma ngati katoni, ine n'kufuna kuoneka mwamuna. Ndikuopa, basi.

Lachinayi

Pakakhumbi kuyambira mbandakucha. Malamulo a ba Tembo: osalankhula, osatsokomola, osatafuna kanthu kolira. Zala zakumapazi zasiya kundidziwa.

Zimene ndaona mpaka dzuwa kukwera:

- agologolo anayi, aphokoso kuposa basi
- mbalame yogogoda mtengo, yosatopa
- mphuno yanga ikutuluka utsi

Kenako masamba kuswaswata. Ba Tembo andigunda ndi chigongono. Gwape! Agwape a kuno si tating'ono takwathu tija, ndi aakulu ngati mwana wa ng'ombe. Wadutsa kansalu, walowa mbali yanga, akubwerabe. Mtima ukugunda mpaka m'makutu. Ndanyamula mfuti, ndayang'ana kumutu.

Alibe nyanga. Ndi wamkazi!

Kachikalata kanga sikalola wamkazi. Ka ba Tembo nakonso ayi. Atamandike amene analemba lamulo limeneli, ana ake akule bwino!

Waima pafupi moti ndikuona nsidze zake. Akutafuna, akutiyang'ana ngati anthu amene talowa m'munda mwake osaodira. Akuti pakupha nyani sayang'ana nkhope. Ine ndayang'ana, ndipo ndayang'anitsitsa. Kenako wagwedeza mchira woyera uja n'kumapita, osafulumira.

"Uli na soka, mudala," akutero ba Tembo. "Sembe ni yamuna, sembe wasiliza." Ndapukusa mutu mwachisoni mmene ndingathere. Masana ndadya zidutswa zisanu za buledi ndi chimwemwe.

Madzulo palibe chabwera. Tsiku labwino.

Lachisanu

Chipale chofewa chagwa usiku. Zonse mbuu. Ba Tembo akondwa, akuti mapazi a nyama aoneka bwino. Akuonekadi: aakulu, olowa pansi, odutsa pafupi ndi kansalu kanga. Wamphongo.

Foni imagwira pakaphiri kokha, kuseri kwa kanyumba. Ndakwerapo masana, ndipo ndikanadziwa sindikanakwera.

Tadala: "Mayi akuti musachitsuke ndi madzi, mungochiika m'kabakuli mmene chilili."

A Mbewe: "Alenje, Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tidzera kwanu komweko, tisakuvutitseni ndi ulendo wa ku Hamilton."

Kwathu! Pamaso pa apongozi!

Ndakhala pachitsa kuganiza mpaka matako kuuma. Ndiye zandionekera poyera, ngati munthu wayatsa getsi. Ndikapha gwape, pali chiwindi chimodzi ndi mlandu umodzi waukulu. Ndikapanda kupha, palibe chiwindi, palibe wokonderedwa, palibe wonyozedwa. Onse adzandimvera chisoni. Adzaseka kamfuti kanga, adzanditcha mlenje wa agologolo, koma kusekedwa sikupasula banja.

Pulani yatsopano, yomaliza: kulephera, koma mwaulemu.

Ba Tembo atapita kugalimoto kukatenga tiyi, ndathamanga m'chipale, ndamasula kansalu, ndakamanga pamtengo wina wapafupi. Mapazi makumi anayi, mwina osakwana. Ndafufuta mapazi anga ndi nthambi ngati wakuba chinangwa. Tsopano gwape kuti akhale wanga ayenera kudzakhala nafe m'kakhumbi.

Abwera ndi tiyi, ayang'ana kudambo, ayang'ana ine. Ndamwa tiyi wotentha mofulumira mpaka kupsa lilime.

Madzulo zii. Kwatsala mawa lokha, masana tipakira. Ndikumva ngati wodwala amene auzidwa kuti opaleshoni yalephereka.

Loweruka

Wabwera.

Dzuwa litangotuluka, kuchokera kumanzere, pang'onopang'ono. Nyanga ngati nthambi, khosi ngati mtondo. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero chikuyenda chokha m'tchire. Wadutsa mtengo wakale uja. Ndikupemphera: ima, ima, ima. Waima! Pakati penipeni pa mtengo wakale ndi watsopano, kuseri kwa kansalu.

Ba Tembo akunong'ona: "Ili kuseli. Usayese." Ine ndikunong'ona: "Zoona, ali kutali." Mawu okoma kuposa onse amene ndanena chaka chino.

Kenako mfuti yawo yalira, makutu anga n'kutsekeka. Gwape wadumpha kamodzi, wagwa pomwepo, sanavutike. Ndamva chisoni, ndipo ndavula chipewa osadziwa chifukwa chake. Koma pansi pa chisonicho mtima ukuvina: si wanga! Chiwindi ndi cha ba Tembo, ndipo chiwindi cha ba Tembo sichichoka m'tchire.

Potumbula ndagwira miyendo ndikuyang'ana kumwamba. Mpeni wanga sunatuluke m'chimake.

Ndiye ba Tembo, munthu wabwino uja, wachita chinthu choipa. Wapita pachikwama changa, watenga kabakuli, waikamo chiwindi chonse, watseka, n'kundipatsa ndi manja awiri. "Tenga, mudala. Wavutika na mphepo four days, ungabwelele chabe na manja? Lamulo nizaphwanya lelo. Peleka kunyumba."

Chili m'manja mwanga, chofunda, cholemera. Chimodzi.

Ndaona apongozi. Ndaona a Mbewe ndi anyezi awo. Ndaona pabalaza pathu mawa masana.

Sindinalankhulepo mwaluso ngati lero. Ndati mwambo ndi mwambo, ba Tembo. Ndati sindingalole kuti chaka chamawa musaone mchira chifukwa cha ine. Ndati tchire limakumbukira. Akana kawiri, ine ndaumirira katatu, ndipo anyezi ndasenda ndekha misozi ili mbwembwembwe.

Tachikazinga pakhonde la kanyumba, dzuwa lili paliwombo. Ndilembe zoona: n'chokoma. Apongozi sananame. Ndadya mbali yanga, ndadyanso ina imene ba Tembo analephera, kuti pasatsale umboni ngakhale kachidutswa. Ndatsuka kabakuli mpaka kuwala.

Pomasula kansalu ba Tembo akuti, "Mitengo ya ku Canada imayenda usiku, ka?" Ndati nyengo yasintha masiku ano.

Andigawira miyendo iwiri ndi nthiti, zokwanira onse opempha aja. Nkhani yokanena kunyumba ndi yoyera: ine sindinaphe, mwini nyama ali ndi lamulo lake, mlendo sangatsutse. Palibe bodza ngakhale limodzi, kungosiya zina. Tikubwerera ndikuimba nyimbo za kwaya, mimba ili yodzaza, mtima uli m'malo.

Tafika pamene foni imagwira. Ba Tembo aima kuthira mafuta, akuseka okha akudinadina foni. Yanga yayamba kunjenjemera m'thumba, osaleka.

Lamulungu

Chithunzi chili pagulu la tchalitchi. Ine, chipewa cha olenji, masaya otupa, foloko m'mwamba, mafuta mpaka pachigama. Pansi pake ba Tembo alemba: "Nampasa liver apeleke kunyumba, akana, akuti tidye pamene pano. Real hunter!" Anthu makumi angapo aikapo tizithunzi toseka. A Mbewe sanaikepo kanthu. Tadala anawaonetsa mayi ake dzulo lomwelo, akuti anachita kuwakulitsira ndi zala kuti aone bwino.

Ulaliki wa lero sindinaumve.

Masana a Mbewe afika monga ananenera, ndi kathumba ka anyezi, n'kukaika patebulo. Akhala pasofa. Apongozi akhala mbali ina ya sofa yomweyo, Mphatso pamiyendo. Ine pakampando ka pulasitiki kamene timaponda potsitsa zinthu m'kabati.

Ndaulula zonse. Kulonjeza kawiri, nkhosa ya pasitolo, kansalu. Ndinkadikira kuti akamva za kawiriko ayang'anizana ndi diso lofiira. Ayi ndithu. Ayang'anizana ngati anthu akumana pamaliro a munthu amene onse ankamudziwa khalidwe.

"Mukanabwera nacho, ine ndikanawasiyira mayiwa," akutero a Mbewe. "Mlendo ndiye amayamba."

"Mphatso, uwauze a Mbewe kuti ine sindikanadya ankhoswe ali chiyang'anire. Tikanagawana."

Akanagawana! Sabata yonse ndazizidwa, ndanama, ndasuntha mitengo, pothawa nkhondo imene kunalibe. Mlandu watsala umodzi wokha: mwana kudya chiwindi akulu ali ndi njala.

Chigamulo chatenga nthawi yochepa kuposa pemphero lotsegulira. Ziwindi ziwiri, za agwape ophedwa ndi ine mwini, ndi mfuti yanga yomweyo poti ndinaisankha ndekha. Chaka chamawa cha apongozi, chaka chinacho cha a Mbewe. Ndawomba m'manja kuvomera. Kenako tadya mwendo wowotcha, onse akuseka, a Mbewe akuwonjezera kawiri. Palibe wakwiya. Banja lilipo, ankhoswe alipo, ndipo sabata yonseyi sindinaphe kanthu. Ndapuma mpweya umene ndinaugwira kuyambira Lolemba.

Alendo atapita, apongozi akumugoneka mwana, mawu okwera pang'ono kuti afike kukhitchini kumene ndikutsuka mbale: "Mphatso, uwauze bambo ako kuti tikiti yanga yobwerera kumudzi ya Januwale ija aisinthe. Chiwindi sichiyenda pandege. Ndidikira konkuno."

Tadala akuimba m'bafa.

Ndiye zili chonchi. Ndikafuna kuti apongozi aone Ntcheu, ndiyenera kupha gwape. Ndikalephera, adikira chaka china, ndipo ndi munthu wodekha kwambiri. Ndakhoma mfuti m'kabati mwake, ndapachika jekete. Mawa ntchito, phala la okalamba sikisi koloko.